Chisanu pa Bwalo la Alembi

Makolo athu, amene ankaweruza milandu pansi pa mtengo wa kachere kusanabwere pepala ndi inki, anatisiyira mwambi wakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndipo ine paunyamata wanga ndinkayesa kuti mwambiwu ndi mkwapulo chabe woopsezera ana osamva, kufikira tsiku lina pamene ndinakhala chete pakati pa anthu awiri ophunzira, amene anatsutsana kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka nkhuku kulowa m'khola, pa nkhani imene poyamba ndinaiyesa yopanda mutu. Mlandu wawo unali uwu: kodi chisanu choopsa, chimene chagwera dziko nyengo imodzi, n'kuumitsa mitsinje ndi kutseka misewu, kenaka n'kusungunuka n'kupita, n'choyenera kupatsidwa mutu wakewake m'buku lalikulu lija la nzeru zonse limene timati insaikulopediya? Wina anati inde, mnzake anati iyayi, ndipo anabalalika aliyense atagwiritsa zake. Koma ine ndinainyamula nkhaniyo kupita nayo kwathu, ndipo tsopano, popeza yagonera, ndikhoza kuitulutsa.

Wokana uja sanali chitsiru, ndipo kumuchotsera ulemu kungakhale kulakwa. Iye anati insaikulopediya ndi nkhokwe, ndipo mwini nkhokwe wanzeru sathiramo chilichonse chimene chabwera m'dengu, koma amayamba wasankha, chofumbwa apatse nkhuku, chabwino asungire ana. Pamene Encyclopaedia Britannica inasindikizidwa koyamba mu mzinda wa Edinburgh, pakati pa 1768 ndi 1771, nzeru zonse za pansi pa thambo zinapanikizidwa m'mabuku atatu okha; ndipo ngakhale pamene inakula kufika mabuku 32, monga inalili pa kusindikizidwa kwake komaliza mu 2010, tsamba lililonse lopatsidwa kwa nkhani imodzi linali tsamba lolandidwa kwa nkhani ina. Tsono chisanu, anatero mkuluyo, chimabwera chaka ndi chaka monga chinaikidwira kuyambira masiku a Nowa, ndipo palibe chaka chimene nyuzipepala sizifuula kuti chotere sichinaonekepo, palibenso chaka chimene nkhalamba ina yokhala pafupi ndi moto silumbira kuti chibadwire sinazizidwepo chomwechi. Tikati tilembe chisanu chilichonse chimene chachititsa anthu kudandaula, nkhokwe idzadzala mankhusu, ndipo mwana wofuna chimanga adzafufuza tsiku lonse osachipeza. Nyuzipepala ili ngati mphasa ya pamsika, pamene lero ayalapo usipa, mawa ayalapo matimati; koma buku losungira mibadwo lisamatengeke ndi phokoso la msika.

Ndinavomera zonsezi mumtima, komabe mlandu suweruzidwa mwini wake asanaime pabwalo. Choncho tiyeni timuitane mmodzi mwa oimbidwa mlanduwo, amene ndi chisanu chimene chinagwira dziko la Britain kumapeto kwa 1962 ndi kuchiyambi kwa 1963. Ife amene timadziwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimaphimba mapiri ndipo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, tisafulumire kunena kuti tikuchidziwa chinthuchi, pakuti kwathu dzuwa likakwera munthu amavula juzi, pamene kumeneko linkatuluka ndi kulowa madzi osasungunuka. Chipale chofewa, chimene achinyamata masiku ano amangoti sinowo, chinafika kummwera kwa England pa 26 Disembala, anthu akadali m'chisangalalo cha Khirisimasi. Ndipo pa 29 ndi pa 30 mwezi womwewo namondwe anawomba pa Wales ndi kummwera chakumadzulo kwa England, n'kuunjika chipalecho m'malo ena kufika mamita asanu ndi imodzi, kotero kuti midzi ina inatsekeredwa masiku ambiri, njanji zinakwiririka, ndipo alimi sanathe kufikira nkhosa zawo zimene zinali kufa ndi njala pamapiri.

Gwero la tsokali linali m'mwamba. Zaka zambiri dziko limenelo limafunditsidwa ndi mphepo ya kumadzulo, yochokera pa nyanja ya Atlantic, imene imabwera yonyowa koma yofunda. Koma chaka chimenecho mpweya wolemera unakhazikika kumpoto, nthawi zina cha ku Scandinavia, nthawi zina cha ku Iceland ndi Greenland, monga mfumu yokana kuchoka pampando, ndipo unatsekera njira mphepo yachifundo ija n'kutsegulira khomo mphepo ya kum'mawa yochokera ku Russia. Pa 18 Januwale, m'mudzi wa Braemar ku Scotland, choyezera chinatsika kufika madigiri 22 pansi pa ziro. Ku Herne Bay, m'chigawo cha Kent, nyanja yamchere yeniyeniyo inaundana mtunda wa mailo imodzi kuchokera pagombe. Mtsinje wa Thames nawo unauma kumtunda kwake, mpaka munthu wina ku Oxford anawolotsa galimoto pamwamba pa madzi. Ndipo kufikira pa 6 Malichi, panalibe m'mawa ndi umodzi womwe chaka chimenecho umene dziko lonselo linadzuka lopanda chisanu penapake.

Apa wokana uja angaimirire n'kunena kuti zonsezi ndi nkhani za kandimverere, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa; ndani angatsimikize kuti chisanu chimenechi chinaposa cha agogo awo? Mboni ilipo, ndipo ndi mboni yofatsa kwambiri. Katswiri wina wa zanyengo, Gordon Manley, anatha zaka zambiri za moyo wake akufufuza m'mabuku akale a abusa a mipingo, asing'anga ndi eni minda, anthu amene ankadzuka m'mawa uliwonse n'kulemba chimene choyezera chawo chanena, popanda wowalipira kapena wowathokoza. Ndipo polumikiza timanambala tawoto analuka chingwe chosaduka cha kutentha ndi kuzizira kwa pakati pa England, mwezi ndi mwezi, kuyambira 1659. Pa chingwe chimenechi, Januwale wa 1963, masana ndi usiku zitaphatikizidwa, anakhala pa madigiri 2.1 pansi pa ziro, ndipo mwezi wozizira chomwecho unali usanaonekenso chiyambire Januwale wa 1814. Nyengo yonseyo pamodzi inaposedwa ndi ziwiri zokha, ya 1683 mpaka 1684 ndi ya 1739 mpaka 1740. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ndimachita chidwi kuti chimene chinatsimikiza kukula kwa chaka chachilendo ndi kukhulupirika kwa anthu amene analemba masiku zikwizikwi osachititsa chidwi, masiku amene palibe nyuzipepala ikanawapatsa mzere umodzi.

Komatu ndikadaimira pa nambala yokha, ndikadakhala woweruza waulesi. M'mudzi wa Oymyakon ku Siberia, mu Febuluwale 1933, choyezera chinafika madigiri 67.7 pansi pa ziro. Anthu a kumeneko atamva kuti Angerezi akulira ndi madigiri awiri, akanaseka mpaka kugwira nthiti, pakuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Chisanu sichiyesedwa ndi choyezera chokha, chimayesedwanso ndi khoma la nyumba imene chagogodapo, ndi mulu wa nkhuni umene uli kuseri kwa nyumbayo, ndi mphamvu imene yatsala m'thupi la mwini nyumba. Taonani chisanu cha 1947 m'dziko lomwelo la Britain, chimene pa chingwe cha Manley sichinazizire monga cha 1963, koma chimene mano ake analowa mozama kuposa. Nkhondo yaikulu inali itangotha kumene, dziko linali m'ngongole, ndipo ngakhale buledi ankagulidwa mwa muyeso. Migodi ya malasha inali itangolowa m'manja mwa boma pa 1 Januwale chaka chomwecho, nkhokwe za malasha zili zopepuka. Chipale chinayamba pa 23 Januwale, ndipo kwa masiku 55 otsatizana sichinaleke kugwa penapake m'dzikomo. Milu ya malasha inaundana ngati thanthwe, sitima zonyamula malashawo zinaima, nyumba zopangira magetsi zinatsekedwa, mafakitale anazima, anthu pafupifupi mamiliyoni awiri anakhala pakhomo opanda ntchito, ndipo m'nyumba za anthu magetsi ankaletsedwa maola asanu pa tsiku. Nduna yoona za malasha ndi magetsi, Emanuel Shinwell, inasanduka chitonzo cha dziko lonse. Nkhosa imodzi mwa zinayi zilizonse inafa. Ndipo pamene anthu anati tsopano tapuma, chipale chonsecho chinasungunuka mu Malichi pa nthaka youma gwa imene sinathe kumwa madzi, mitsinje inasefukira, ndipo nyumba zoposa 100,000 zinalowa madzi. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Za chisanu cha 1709 sindichulukitsa mawu, pakuti palibe mlembi wamisala amene angachikanize malo: chinapha tirigu ali m'nthaka, chinang'amba mitengo ya azitona ndi mipesa m'dziko la France masiku a mfumu Louis XIV, ndipo njala ndi matenda zimene zinatsatira zinatenga anthu amene olemba mbiri amawawerengera pafupifupi 600,000. Chisanu chotere chimalowa m'buku popanda kuomba m'manja pakhomo.

Chimene ndikuona tsono n'chakuti chisanu chimapempha malo m'buku ndi mapazi amene chasiya, osati ndi ukali umene chinabwera nawo. Ndipo mapazi ena ndi oseketsa. Mu 1963 mabwalo a mpira anauma ngati konkire, kotero kuti ndime yachitatu ya chikho cha FA Cup, imene inayenera kuseweredwa tsiku limodzi, pa 5 Januwale, inatha pa 11 Malichi, itatenga masiku 66. Makampani a juga yolosera zotsatira za mpira, ataona kuti ndalama zawo zaundana pamodzi ndi mabwalo, anakhazikitsa bwalo la akuluakulu, lokhala ndi akatswiri akale a mpira monga Tom Finney ndi Tommy Lawton, kuti azikhala m'chipinda Loweruka n'kugamula amene akanapambana pa masewero amene sanaseweredwe. Ndipo bwalo limeneli, loweruza milandu imene sinachitike, linakhalabe zaka zambirimbiri chisanucho chitapita. Mapazi ena ndi achisoni. Bungwe la British Trust for Ornithology linali litangoyamba kumene, mu 1962, kalembera wa mbalame za m'minda, ndipo kalembera wotsatira anaonetsa kuti kambalame kotchedwa wren, kakang'ono ngati timba wathu, kanatha m'malo ambiri. Mbalame ina, Dartford warbler, inatsala mabanja pafupifupi khumi okha m'dziko lonse. Timba sachepa ndi mazira ake, ndipo timbalame timeneti tinadzachulukanso patapita zaka. Koma akanapanda kuwerenga, kuchepa kwake ndi kubwerera kwake komwe zikanapita mumdima.

Pali nkhani ina imene ndimaikonda kuposa zonsezi, ndipo owerenga andikhululukire ndikapatuka pang'ono. M'chisanu cha 1683 mpaka 1684 mtsinje wa Thames unaundana pakati penipeni pa London, anthu n'kumangapo misasa, n'kutsegulapo msika, ndipo mfumu Charles II inapitako kukaona. Pakati pa ogulitsa nyama ndi mowa panali wosindikiza mabuku amene anakokera makina ake pamwamba pa madzi oundanawo, ndipo anthu ankamulipira kuti awasindikizire mayina awo pa kapepala, pamodzi ndi tsiku, monga umboni wakuti anaimapo pa mtsinje. John Evelyn anazilemba zimenezi m'buku la masiku ake. Taganizani za anthu amenewo, mapazi ali pa chinthu chimene akudziwa bwino kuti mawa chisungunuka, akutulutsa ndalama kuti chisungunukecho chisapite ndi mayina awo! Msika womaliza wotere unachitika mu Febuluwale 1814, pamene njovu inayendetsedwa pa madziwo pafupi ndi mlatho wa Blackfriars. Pambuyo pake mlatho wakale wa London Bridge, umene mizati yake yothithikana inkachedwetsa madzi, unagwetsedwa kuyambira 1831, mtsinje unayamba kuthamanga, ndipo msika wa pamadzi sunabwerenso. Timapepala tija tokha ndi timene tinatsala.

Koma tsopano ndiyenera kunena chimene chimandilemera, ndipo pano ndisiyana ndi onse awiri aja, wovomera ndi wokana. Buku limakonda zinthu zooneka ndi zowerengeka: mailo ya nyanja youndana, galimoto pa mtsinje, masiku 66 a chikho cha mpira. Chisanu, komabe, ntchito yake yaikulu chimaigwira mwakachetechete, kuseri kwa zitseko zotseka. Sichigumula nyumba monga chivomezi, sichikokolola mudzi monga Napolo anachitira ku Zomba mu Disembala 1946, pamene aliyense anaona ndi maso ake njira imene anadutsa. Chimangolowa m'chipinda cha mayi wokalamba wokhala yekha, amene moto wake wa gasi unkayaka pokhapokha waponya ndalama yachitsulo m'kabokosi ka pakhoma, n'kukhala naye pamenepo usiku ndi usiku, kufikira chifuwa chake kapena mtima wake utalephera. Pa chikalata cha imfa yake sing'anga amalemba chibayo, salemba chisanu. Ndipo mlembi wa insaikulopediya, amene lamulo lake n'lakuti alembe zokhazo zimene ena analemba kale, amadutsa pakhomo la mayiyo osagogoda, pakuti alibe pogwira. Chotero mutu umene timaupatsa chisanu m'buku ukhoza kukhala woona m'chiganizo chilichonse, komabe n'kusiya kunja anthu enieni amene chisanucho chinawadya.

Ife tikuidziwa njira imeneyi, chifukwa tinaiona pa njala ya 1949. Mapepala a boma la atsamunda analemba za mvula imene inakana ndi matumba a chimanga amene anagawidwa. Koma pamene Megan Vaughan anafufuza za njalayo m'midzi ya m'boma la Blantyre, kafukufuku amene anatuluka m'buku mu 1987, anapeza kuti mbiri ina inasungidwa m'nyimbo za amayi za pamtondo, mbiri ya amuna amene anapita kukafuna chakudya osabweranso, ndi ya maukwati amene njala inaphwasula. Amayiwo sanadikire kuti mlembi awaloleze; anali ndi nkhokwe yawoyawo. Ndipo nkhalamba zathu, zimene zilibe chikalata cha kubadwa, ukazifunsa zaka zimayankha kuti ndinabadwa chaka cha dzombe, kapena ndinali kumbuyo kwa amayi chaka cha njala. Ndiye kuti anthu amayamba okha kupatsa chaka dzina, ndipo dzinalo likakhazikika pakamwa pa mibadwo iwiri, mlembi alibe chochita koma kulilandira. Angerezi nawonso chisanu chija cha 1963 amachitcha ndi dzina, Big Freeze, ndipo amene anali ana nthawi imeneyo, lero ali ndi imvi, amayesa nacho chisanu china chilichonse.

Nanga phindu la kulemba n'chiyani, ngati pakamwa pakusunga kale? Pakamwa pamafa. M'buku la Estere timamva za mfumu Ahaswero, imene usiku wina tulo titaithawa inaitanitsa buku la mbiri ya ufumu wake kuti aliwerenge pamaso pake, ndipo m'menemo inapeza ntchito yabwino ya Moredekai imene aliyense m'nyumba yachifumu anali ataiwala. Mzere umene mlembi anaulemba tsiku wamba unadzagwira ntchito pa usiku umene palibe anauyembekeza. Chomwechonso womanga nyumba amene akufuna kudziwa kuya koyenera kukwirira mapaipi a madzi, ndi nduna yofunsa kuchuluka kwa gasi ndi mchere wothira m'misewu zimene dziko liyenera kusunga, ndi mkulu wa chipatala wowerenga mabedi ake, onsewa tsiku lina tulo tidzawathawa, ndipo adzafuna kudziwa kuti choipitsitsa chimene chinachitikapo n'chotani. Pakuti madzi saiwala khwawa, ndipo ngakhale dziko likutentha chaka ndi chaka monga zoyezera zikuchitira umboni, mpweya wolemera uja sunaiwale njira ya kumpoto ija. Unabweranso mu Disembala 2010, ndiponso kumapeto kwa Febuluwale 2018.

Masiku ano kuli insaikulopediya ya pa intaneti, Wikipedia, imene inayamba mu 2001, ndipo ilibe vuto la pepala limene linkasautsa alembi a ku Edinburgh. Nkhokwe yake ilibe denga. Wina angati tsono mlandu watha, lembani chisanu chilichonse. Ine sinditero. Kusowa kwa pepala kunali mphunzitsi wankhanza, koma kunkaphunzitsa kudikira; ndipo chimene chimandidetsa nkhawa m'nyengo yathu n'chakuti mutu umatsegulidwa chipale chikadagwa, wolemba zala zikadali zozizira, asanadziwe ngati akulemba za 1947 wina kapena za sabata imodzi yovuta imene pofika Epulo palibe adzaikumbukire. Munthu amene mphepo ikumuwomba kumaso sangayese kukula kwa mphepoyo. Achisunge chisanucho m'nyuzipepala ndi m'kaundula wa odziwa zanyengo, m'mene malo ake ali osakanika. Koma pakhomo la buku la mibadwo chiyambe chakhala pamkeka wa alendo chaka chimodzi kapena ziwiri, kufikira owerenga maliro atawerenga, alimi atawerenga nkhosa zawo, aphungu atafunsa mafunso awo m'nyumba ya malamulo, ndiponso kufikira titamva ngati anthu akuchitchulabe ndi dzina. Cha 1963 chinakhala pamkekapo, ndipo ndikanakhala ine mfumu ya bwalolo ndikanachilowetsa ndi manja awiri, n'kulamula mlembi kuti pansi pa nkhani ya galimoto ya ku Oxford asiye malo a mayi uja wa ndalama yachitsulo.

Okonza mapaipi a ku Britain amadziwa chinthu china chimene eni nyumba ambiri anachiphunzira mu Malichi 1963. Madzi akaundana amafufuma, ndipo paipi imang'ambika usiku womwewo wa chisanu choopsa; koma popeza madziwo ali gwa m'kati mwake, palibe dontho limene limatuluka, ndipo mwini nyumba amagona masabata ambiri akuyesa kuti nyumba yake yapulumuka. Pa 6 Malichi dzuwa linawala, mu London kunafunda kufika madigiri 17, anthu anavula zikhoti n'kutuluka panja akusekerera; ndipo m'masiku amenewo a kusungunuka, m'nyumba zambiri madzi anayamba kudontha kuchokera kudenga, n'kutsika m'makoma, ndipo okonza mapaipi anayenda khomo ndi khomo ndi zikwama zawo, akupeza ming'alu ya mu Januwale.